Mapepala Opachikidwa M'chigafa

Johannesburg,
10 Sepitembala 2023

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Amayi a Lefina. Ine kuno ndili bwino, ntchito ya m'nyumba ikuyenda. Bondo lija likupeza bwanji? Nanga zitsime za kudambo zikadali ndi madzi?

Kalatayi ndapatsira a Raymond, aja amanyamula katundu wa anthu pa thiraki kuchoka kuno mpaka ku Kasungu. M'jumbomo mupeza shuga, mafuta opaka pabondo, kope lalikulu ndi mabolopeni atatu. Ndalemba kalata dala, chifukwa pafoni ndikangoyamba nkhani iyi mumati netiweki yathawa.

Mdzukulu wanu Yankho wapeza banja. Mnyamatayo ndi Benjamin, kwawo ndi ku Mtunthama, ndipo chinkhoswe akufuna chichitike mu Julaye chaka chamawa. Akwawo afunsa kuti ankhoswe akuchikazi achokera mudzi uti, ndiponso kuti malume anga ndani. Yankho anandiimbira foni akulira. Ine, mayi wa zaka 42, kwawo kwa amayi anga sindikudziwa.

Chimene ndikudziwa n'chakuti amayi ondibala dzina lawo anali Alinesi, anamwalira pa esiteti ku Lisasadzi ndili ndi zaka zitatu, ndipo munati analibe abale. Koma Bambo, munthu samera ngati bowa. Anabadwira penapake. Pali mudzi umene anatungako madzi ali mtsikana.

Pempho langa ndi ili: lembani moyo wanu m'kopelo. Yambani paliponse, lembani mmene mungathere. Mulembemo za amayi, kwawo, ndi pamene anagona. Pakamwa zimakuvutani, ndaona, ndiye yesani ndi dzanja. Ine ndifika mu Julaye.

Mwana wanu,
Faustina


Chulu,
15 Okutobala 2023

Mwana wanga Faustina,

Moni wochuluka. Ife kuno tadzuka, kungoti dzuwa lanyanya. Katundu yense wafika. Mafuta aja akuthandiza, koma ndikuopa kuti akadzatha bondo lidzayambiranso moposa kale. Kodi kumeneko ukutseka zitseko bwino? Timamva pa wailesi kuti kuli achifwamba.

Za Yankho ndakondwa. Anthu a ku Mtunthama ndi olongosoka, ngakhale sindikudziwa ngati mnyamatayo amamwa. Ufunse bwino.

Kope ndaliona. Ndi lokongola kwambiri, mpaka ndikuchita nalo mantha. Ukudziwa kuti ine sukulu ndinalekera Sitandade 3. Kalata ngati iyi ndimatha, poti ukawerenga umataya. Koma buku ndi chinthu chokhalitsa. Adzaliwerenga a Benjamin, anthu ophunzira, n'kumaseka kuti agogo a mkazi wawo salekanitsa zilembo.

Komanso ino ndi nthawi ya nazale. Mabedi a fodya ndili nawo asanu, ndipo chitsime chapita pansi. Ndimathirira m'mawa ndi madzulo, makeni makumi atatu. Ndikaphonya tsiku limodzi mbande zipsa, chaka chatha. Pobwera kudambo manja amakhala atatopa, bolopeni sindingaigwire. Kope ndalikulunga m'pepala la pulasitiki, ndaika m'sutikesi kuopa chiswe. Tikangowokera mu Disembala ndiyamba, usakayike.

Za ankhoswe, kodi a Moffat, mphwanga, sangaimire? Amayankhula bwino pagulu.

Ndine bambo ako,
Levi


Johannesburg,
3 Disembala 2023

Okondedwa Bambo,

Zikomo poyankha. Zitseko ndikutseka, ndipo Benjamin samwa. Mvula yagwa kumeneko?

A Moffat ndi abambo anga aang'ono, ndimawalemekeza, koma inu mukudziwa kuposa ine kuti mwana wamkazi saimiridwa ndi akuchimuna okha. Anthu adzafunsabe kuti mbumba imeneyi mwini wake ndani.

Za zilembo musadandaule. Si mayeso. Kalata yanu ndaiwerenga bwinobwino, palibe pamene ndinakakamira. Mwina vuto ndi maso, ndiye ndatumiza magalasi owerengera. Pepala limodzi lokha mukanditumizira kudzera kwa a Raymond, mtima wanga ukhala pansi.

Mwana wanu,
Faustina


Chulu,
14 Januwale 2024

Mwana wanga Faustina,

Moni wa chaka chatsopano. Tili moyo. Magalasi afika, koma ndikavala pansi pamaoneka patali, ndikuopa kugwa.

Tinawokera pa 19 Disembala. Kenako mvula inadula masiku khumi ndi awiri, mbande zambiri zinafa, ndiye tinayamba kupakiza. Titatha apo udzu unali utakula. Pano tikubandira. Chigafa nachonso mafoloko atatu ochirikiza denga adyedwa ndi chiswe, chikufunika kukonza fodya asanakhwime. Ukuona wekha kuti si dala.

Tsiku lina ndinatulutsa kope. Ndinalemba dzina langa ndi deti. Kenako ndinaganiza kuti munthu akalemba moyo wake wonse ndiye kuti akutsanzika. Mkulu wina wa mpingo kwa Chulu kuno analemba mayina a minda yake yonse, mwezi sunathe tinamuika. Ndinatseka kope.

Ndikufunse chinthu, usakwiye. Kodi pali munthu wakuuza kanthu za ine? Kumeneko kuli anthu ochokera mbali zonse za Malawi. Ngati wina wakuuza kanthu, undiuze dzina lake ndi kwawo. Sindikugona bwino.

Tikatha kuthyola fodya ndidzapeza mpata.

Bambo ako,
Levi


Johannesburg,
11 Febuluwale 2024

Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino. Palibe amene wandiuza kanthu, ndipo sindikumvetsa funso lanu.

Ndawerenga makalata anu onse awiri. Mwandiuza za mabedi asanu, makeni makumi atatu, mafoloko atatu. Dzina la amayi simunalitchule ngakhale kamodzi. Mwalemba mapepala anayi kundifotokozera chifukwa chimene simungalembere pepala limodzi.

Ndaona kuti kwa inu amayi anali munthu wongodutsa, ndipo munawaiwala kalekale. Mukanangonena choncho, m'malo mondinamizira fodya. Fodya ameneyo wakhala akundilanda bambo kuyambira ndili mwana. Tsiku la ukwati wanga munachoka phwando lili mkati kuti mitambo yachita bii, mukaone chigafa.

Basi, lekani. Kopelo mulembemo mabelo anu. Ndipempha mayi wina wa kumpingo ku Lilongwe aimire Yankho ngati wachibale. Anthu adzanong'ona tsiku limodzi, kenako adzaiwala.

Faustina


Chulu,
10 Malichi 2024

Faustina mwana wanga,

Ndine mayi ako Lefina. Moni. Dzanja langa ndi loipa kuposa la abambo ako, upirire. Kalata yako ya Febuluwale sinafike, a Raymond akuti thiraki inagwidwa pa boda ndi katundu yense. Kaya unalembamo zotani, koma ine ndikuuze zimene ndikuona ndi maso anga.

Abambo ako akunama kuti sakulemba. Akulemba. Chiyambire Okutobala amatenga kope n'kupita kuseri kwa chigafa ngati munthu wokaba nkhuku. Amalemba mizere isanu, amawerenga, amapukusa mutu, amang'amba, amafinya, amaponya m'tchire. Kope lija latsala theka. Munthu waonda, thalauza akumanga ndi luzi.

Ine ndinayamba kutola. Ndinawongola mapepalawo ndi simbi, anakwana makumi awiri ndi atatu. Sindinawerenge, si zanga. Loweruka lapitalo tikusoka fodya ndinatenga singano yomweyo ndi chingwe, ndinawaboola pakona, ndinawasoka ngati masamba, ndinakoleka pamkangala, ndodo ija timapachikira fodya, ndinakwera n'kupachika pamwamba penipeni m'chigafa, pamene bondo lawo silingafike.

Atakweza maso anati, "Amayi, n'chiyani icho?"

Ndinati, "Fodya wanu."

Anati, "Tsitsani, n'zoipa zimenezo, n'zotaya."

Ndinati, "A Levi, zaka makumi anayi muli mu fodya. Munaona ndani akusankha fodya ali wamuwisi? Timathyola, timasoka, timapachika, aume. Kusankha n'kwa mu Meyi. Inu mukusankhira kumunda, n'chifukwa chake chigafa chanu chili mbee."

Anayang'ananso mapepala aja m'mwambamo. Kenako anati, "Nanga akandida?" Ndinati ndani. Anangobwerera kukasoka fodya.

Ndiye tapangana. M'mawa uliwonse, asanamwe tiyi, asanaone munda, alembe pepala limodzi. Akatha asawerenge. Ang'ambe bwinobwino andipatse, ine ndisoke. Chosokedwa sichisoledwa. Tiyi ndimabweretsa pepala likalowa m'chingwe. Tsiku loyamba anamwa tiyi dzuwa lili pamutu, akundinena kuti ndine kapitawo woipa kuposa a pa esiteti. Dzulo anamwa nkhuku zitangotuluka.

Ine ndinakupeza uli ndi zaka zisanu, ndinakulera, ndipo sindinachitepo nsanje ndi malemu. Koma pali chinthu chimene munthuyu wasenza, ndipo sindichidziwa. Usamufulumize, koma usamuleke.

Unditumizireko singano za makina, zakuno zikuthyoka.

Mayi ako,
Lefina


Chulu,
14 Epulo 2024

Mwana wanga Faustina,

Moni. Tili bwino. Fodya tatha kuthyola, ali m'chigafa, akuuma bwino ngakhale ndikuopa chinyezi.

Kalata yako ya Febuluwale yafika dzana, itachedwa miyezi iwiri. Ndaiwerenga katatu. Ukuti ndileke. Ikanafika nthawi yake ndikanaleka, ndipo ndikanakondwa kuti wandimasula. Koma yapeza mapepala oposa 60 ali pamkangala. Sindingathenso kuleka.

Ukuti ndinawaiwala mayi ako. Ayi mwana wanga. Alinesi. Taona, ndalemba. Alinesi.

Ndikuuze mmene ndikuchitira. Ndimadzuka nthawi imene ndinkadzukira kukathirira nazale. Ndimakhala pa mpando wa ndalema pakhomo pa chigafa, kope pabondo labwinoli. Masiku ena mutu umati lero ayi, dzulo unatopa, mawa udzalemba awiri. Mawu amenewo ndimawadziwa, ndi omwe aja amauza munthu kuti mbande sizingafe tsiku limodzi. Sindinawamverepo pa fodya, ndiye ndaleka kuwamvera pa kope. Tsiku la maliro a kwa a Moffat ndinalemba ndisanapite kumanda. Tsiku limene ndinadwala malungo ndinalemba mizere itatu, amayi ako a Lefina anati nalonso ndi pepala, anasoka.

Kale ndinkalakwitsa poyambira. Ndinkafuna kuyamba ndi nkhani yovuta ija, ndiye dzanja linkauma. Koma fodya timathyola kuyambira m'munsi, masamba awiri kapena atatu, n'kumakwera pang'onopang'ono. Ndiye ndinayamba ndi zapansi. Ndalemba za mbuzi za atate anga. Ndalemba za mphunzitsi amene anandimenya chifukwa cholemba ndi dzanja lamanzere, mpaka ndinathawa sukulu. Ndalemba mmene ndinapitira ku Lisasadzi mu 1979 kukakhala tenanti, nditanyamula mphasa ndi khasu basi.

Sabata ino ndafika pa tsiku limene lole inatsitsa anthu ochokera kummwera. Panali mnyamata wina, Lemani, ndi mlongo wake atasenza ndowa yobooka. Mtsikanayo anandifunsa kumene kuli chitsime. Ndinamulozera njira yolakwika chifukwa cha manyazi, anakafika kukhola la ng'ombe. Pobwera anandiuza kuti, "Achimwene, kwanu kuno anthu amamwa ndowe?" Anali mayi ako. Ankaseka ndi thupi lonse, ngati Yankho.

Waona kuti ndatchula mlongo wawo. Inde, analipo. Ndinakunamiza. Zotsalazo zili pamwamba pa phesi, ndipo ndikuyandikira. Ndikuopa, koma mawa m'mawa ndidzuka.

Mayi wa kumpingo uja usamupemphe kaye.

Bambo ako,
Levi


Chulu,
12 Meyi 2024

Faustina,

Moni mwana wanga. Lero sindifunsa zambiri. Pepala la lero silipita pamkangala. Ndapempha amayi ako a Lefina kuti ndikangotha alimate mu envulopu, akapereke okha kwa a Raymond, ine ndisanasinthe maganizo. Ayima pano akudikira.

Mayi ako kwawo ndi ku Phalombe, mudzi wa Mukhweya, kufupi ndi phiri. Atate awo anali a Makwinja. Anali ndi mlongo wawo Lemani ndi mng'ono wawo Esinati. Nyengo itatha Lemani anabwerera kwawo. Pochoka anandigwira dzanja nati, "Alamu, mwamutenga mlongo wanga popanda mwambo. Mukagulitsa fodya mubwere kumudzi, mudzamange nyumba pakhomo pathu, anthu akuoneni." Ndinavomera. Chaka chimenecho ndinati fodya sanachite bwino, tipita chaka chamawa. Chaka chinacho unabadwa iwe, ndinati mwana akule kaye. Mayi ako ankandikumbutsa mwezi uliwonse. Ine zifukwa sizinkandithera, monga waonera wekha.

Mu Febuluwale 1984 anadwala malungo tikuthyola fodya. Anandiuza Lachiwiri kuti mutu ukuwawa. Ndinati timalize mzere uwu, Lachisanu tipita kuchipatala. Lachinayi usiku anamwalira.

Kapitawo anandiitana nati ndimupatse keyala atumize uthenga ku Phalombe, maliro adikire eni ake. Faustina, apa ndi pamene ndinachimwa. Ndinadziwa kuti akabwera adzafunsa chifukwa chimene sindinapite naye kuchipatala. Ndinadziwanso mwambo: mwana ndi wa kwa mayi. Akanaika maliro n'kukutenga, ndipo ine ndinalibe pokanira, poti ngakhale pakhomo pawo sindinapondepo. Unali utagwira mwendo wanga. Ndinauza kapitawo kuti malemu analibe abale.

Tinawaika matenanti okhaokha, kumanda a alendo kuseri kwa esiteti, pansi pa mtengo wa muwanga. Panalibe wachibale woti atchule dzina la agogo awo. Ndinaikapo miyala itatu yoyera kumutu.

Lemani analemba makalata awiri chaka chimenecho, kufunsa chifukwa chimene mlongo wake wakhalira chete. Sindinayankhe. Titagulitsa fodya ndinakubereka kumbuyo n'kubwerera kuno kwa Chulu, osasiya keyala. Makalata akewo ndinasunga m'chitini. Ndaika imodzi muno, ili ndi keyala yakwawo.

Anthu aja mpaka lero sadziwa kuti mwana wawo anamwalira. Sanamete, sanalire. Ndinawabera maliro, ndipo iwe ndinakubera mudzi. Ndinkati ndikuuza ukakula, kenako ukakwatiwa, kenako ndinangoti ndidzafa nazo.

Sindikupempha kuti undikhululukire lero. Ndangoti udziwe kuti uli ndi kwanu.

Bambo ako,
Levi


Chulu,
9 Juni 2024

Mwana wanga Faustina,

Moni. Kodi uli bwino? A Raymond abwera opanda kalata. Ndinawafunsa kawiri, mpaka anakhuthula chikwama pamaso panga. Akuti envulopu ija anakupatsa m'manja. Foni yako ikulira koma osayankhidwa.

Ngati wasankha kukhala chete, ndilibe mawu. Ine ndinakhalitsa anthu chete zaka makumi anayi, mwezi umodzi wokha wanditha mafupa.

Amayi ako a Lefina ndinawauza zonse. Anatuluka panja, anakakhala pamtondo mpaka madzulo. M'mawa mwake anabwera ndi singano nati, "Pepala." Ndiye ndikulembabe. Ndafika pamene unayamba sukulu, utavala diresi losokedwa ndi nsalu ya mayi ako.

Tikusankha fodya. Ndimati ndikagwira tsamba, ndimaiwala kuti ndaliika mulu uti.

Bambo ako,
Levi


Johannesburg,
23 Juni 2024

Bambo,

Ndili bwino. Ndikhulupirira Amayi ali bwino, singano zawo zili m'jumbomo.

Kalata yanu ndinaiwerenga ndili chiimire m'khitchini ya abwana. Ndinamaliza kutsuka mbale, ndinakolopa, kenako ndinakakhala m'bafa. Masabata atatu sindinafune kumva mawu anu. Sindikubisirani.

Keyala ija ndinaitumiza kwa Yankho. Iye ndi Benjamin anakwera basi mpaka ku Phalombe. Mudzi ulipo. Atangotchula dzina la Makwinja, anthu anawaperekeza pakhomo pa a Esinati. Akuti gogoyo atamuona Yankho anakhala pansi pa dothi n'kunena kuti, "Alinesi, wachedwa."

Malume a Lemani kulibe. Anamwalira pa 20 Januwale chaka chino. Akuti kawiri konse anakwera basi kukafunafuna mlongo wawo ku Kasungu, komaliza mu 1998, ndipo mpaka akudwala ankafunsa ngati kwabwera kalata. Ndayang'ana deti la kalata yanu ija munkanena za kupakiza ndi mafoloko a chigafa. Munalemba pa 14 Januwale. Anali akadali moyo, Bambo. Mukanayamba mu Okutobala, akanamuona Yankho, ndipo ine ndikanamva mawu awo pafoni. Ichi ndi chimene chikundivuta kuposa zonse, ndipo sindikudziwa kuti chidzandichoka liti.

A Esinati anena mawu awa, ndipo ndikulemba mmene Yankho wandiuzira: "Chinkhoswe ndidzaimira, mwanayu ndi wathu. Koma chisanachitike, mkamwini ameneyo atitengere pamanda, tikalire m'bale wathu. Ndipo anene yekha ndi pakamwa pake, ife tili pomwepo."

Ndifika pa 13 Julaye. A Esinati ndi ana awiri a malume afika pa 15. Mudzayenda patsogolo.

Chinanso. Ndinakwiya, koma sindinaiwale amene ankandibereka popita kudambo, ndi amene anagulitsa njinga kuti ndilembe mayeso. Zonse ziwiri ndi inu. Mapepala ali pamkangalawo asatsitsidwe, ndidzatsitsa ndekha. Ndipo musasankhe, ndikufuna onse, ndi ofinyika omwe. Ndatumiza kope lina, poti loyamba lija munalidya theka.

Mwana wanu,
Faustina


Chulu,
30 Juni 2024

Mwana wanga Faustina,

Moni. Kalata yafika, kope lafika.

Za alamu anga a Lemani ndilibe chonena. Ndinafuna kulemba kuti sindinkadziwa kuti akudwala, koma ndaona kuti nachonso ndi chifukwa china, ndiye ndasiya.

Lachinayi ndinapempha a Moffat kuti andikweze panjinga yamoto mpaka ku Lisasadzi. Njira yonse ndinkaopa kuti mwina analimapo, mwina mtengo anadula, ndidzalozera anthu pati. Esiteti ija inatha, nyumba za matenanti zinagwa, paliponse ndi chimanga cha eni ake atsopano. Koma manda sanawakhudze. Muwanga ulipo. Ndinafukula udzu ndi manja, ndinapeza miyala iwiri. Wachitatu ndinaupeza chapansi, madzi anaukokolola, ndaubwezera. Ndalambula ndi khasu kuyambira pamsewu, kuti a Esinati asadzalasidwe ndi minga.

Ndidzayenda patsogolo, ndipo ndidzanena. Mawu akadzandithawa, ndidzayambira pa chitsime ndi ndowa yobooka, n'kumakwera.

Ubwere ndi juzi, kuno kukuzizira. Ndipo usakwere basi yausiku.

Ndilekere pano. Amayi ako ayima pakhomo, singano kudzanja ili, kapu kudzanja linalo, ndipo akuti kalata si pepala la lero. Tiyi akuzizira.

Bambo ako,
Levi